Sabata imene anzathu anauzidwa kuti asabwere kuntchito

Lolemba pa 27 January 2025 ndinafika ku ART, kliniki ya ma ARV, 7 koloko isanakwane, mvula ikuwaza, ndipo anthu anali atadzaza kale mabenchi mpaka pakhonde. Chipinda choyezera magazi chinali chokiya, kompyuta yozima. Pa anthu asanu ndi awiri amene timagwira ntchito pa kliniki imeneyi, tinabwera awiri okha, ine ndi a clinical officer. Ma HDA athu awiri (oyeza magazi a HIV), kalaliki wa data ndi amayi awiri a expert client (omwa ma ARV amene amalimbikitsa ndi kulondola anzawo) onse anali atalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera ku bungwe limene limawalipira: musapite kuntchito, musakwere njinga ya bungwe, dikirani tidzakuuzani.

Chiyambi chake mukuchidziwa. Pa 20 January Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America kumayiko akunja kwa masiku 90, ndipo pa 24 January panatuluka lamulo lina loti ntchito zimene zinali m'kati ziime pompo. Mabotolo a 13A, ma ARV amene ambiri amamwa, pashelefu analipo, pakuti mankhwala athu ambiri amagulidwa ndi bungwe la Global Fund. Koma manja amene amayeza, kulemba, kulondola osiya mankhwala ndi kunyamula ma sample ambiri ankalipidwa ndi ndalama za PEPFAR, pulogalamu ya boma la America yolimbana ndi Edzi, ndipo manja amenewo ndi amene anatichotsera.

Lolemba ndi Lachiwiri tinangokhalira kufukula ma mastercard, makhadi a odwala, pamanja. Mphekesera inali itafika kale m'midzi yoti ma ARV atha, choncho kunabwera ngakhale amene tsiku lawo linali la mu March. Bambo wina anandiuza kuti wayamba kumwa modumphitsa tsiku kuti botolo likhalitse. Ndinamukhazika pansi kwa mphindi khumi zimene ndinalibe. Mnyamata wa njinga yamoto amene amatenga magazi okayezera kuchuluka kwa kachilombo (viral load) ndi ma DBS, timapepala ta magazi ouma a ana, sanabwere. Lachitatu tinamva kuti Marco Rubio, nduna yoona za kunja ya America, walola kuti thandizo lopulumutsa moyo lipitirire, koma kwathu kuno sikunafike kalata, ndipo anzathu anakhalabe kunyumba.

Lachitatu lomwelo ndinagwira usiku ku mateniti, chifukwa anamwino ndife ochepa ndipo palibe amene ali wa mbali imodzi. Cha m'ma 11 kunafika mtsikana wa zaka 19 pa kabaza, mimba yoyamba, ataperekezedwa ndi mayi ake. Buku lake la chipatala linali latsopano, lopanda chilichonse cha kusikelo. Nditamufunsa ngati anayezetsapo magazi anati sakukumbukira, maso ali kukhoma. Masiku onse ndikanaitana HDA kapena kumufufuza pa kompyuta. Ma test kit a ku leba anali atatha masana, otsala anali m'kabati ya chipinda chokiya chija, ndipo kiyi anapita naye mwini wake. Palibe aliyense mwa akuluakulu athu amene anaganiza zotolera makiyi Lolemba, ndipo ichi chimandipwetekabe chifukwa sichinali cha ku Washington ayi, chinali chathu.

Ndinamuimbira HDA uja. Anayankha akulira, akuti anachenjezedwa kuti akangoponda pachipatala ntchito yake yatha, komanso usiku umenewo kunalibe choyendera. Ndinadzutsa alonda. Anazula loko ndi chitsulo cha matayala, ine nditawaunikira ndi tochi ya foni. Mizere inatuluka iwiri, kusonyeza kuti ali ndi HIV. Nditabwereza ndi zoyezera zinazo, zinagwirizana.

Mayi ake atatuluka kukatenga madzi, mtsikanayo anandigwira dzanja. "Anesi, ndikudziwa kale. Chonde musawauze amayi." Anayamba mankhwala pompano mimba ili ndi miyezi inayi, koma mwamuna wake atapeza botolo m'thumba la ufa kunabuka ndewu, iye n'kusiya. Buku lakale analitaya m'chimbudzi. Mmodzi mwa amayi athu a expert client anali atamuyendera kawiri, ndipo anapangana kuti Lolemba lomwelo akumane kuseri kwa chigayo kuti amupatse botolo lina ndi kukonza zoti adzachilire kuchipatala tikumudziwa. Mtsikanayo anadikira pachigayo mpaka dzuwa kupendeka.

Mwana anabadwa cha m'ma 3, wamkazi, makilogalamu 2.4, analira bwino. Ndinamupatsa mankhwala oteteza asanathe ola limodzi, mtsikanayo ndinamuyambitsanso 13A usiku womwewo. Sindikunena kuti botolo la Lolemba likanafafaniza miyezi yonse imene sanamwe. Koma loko uja akanakanika, kapena ndikanakhala ndi odwala atatu ku leba nthawi imodzi monga zimachitikira, mwana ameneyu akanapita kumudzi osalandira kanthu, akuyamwa, ife osadziwa.

Lachinayi masana, ndikutuluka kuti ndikagone, ndinakumana ndi mayi wa expert client uja pageti. Anali atavala chitenje wamba, wopanda yunifolomu, matope mpaka m'mawondo. Anamva kumudzi kuti mtsikana wake wachira. "Achemwali, andiletsa kugwira ntchito, koma kuzonda wodwala sangandiletse," anatero. Iyeyu wakhala akumwa ma ARV kwa zaka zoposa 15. Anakhala pambali pa bedi mpaka madzulo.

Sabata yomweyo kanema wa JD Vance, wachiwiri kwa Trump, anali kuzungulira m'mafoni. Iye ndi Mkatolika ngati ine. Ankalankhula za anthu olowa m'dziko lawo, ndipo anati chiphunzitso chachikhristu n'chakuti uyambe kukonda banja lako, kenako mnansi, kenako dera lako, kenako nzika zinzako, ndipo dziko lonse lapansi libwere pomalizira. Ndinaumvera kangapo. Sindikana kuti muli choonadi m'menemo. 1 Timoteo 5:8 amadzudzula munthu wosasamala a m'nyumba yake. Sindikunenanso kuti wokhoma msonkho wa ku Ohio, kwawo kwa Vance, ayenera kulipira HDA wa kwathu mpaka kalekale. Koma thandizo lonse limene America inkapereka kunja nthawi imeneyo linali pafupifupi 1 peresenti ya bajeti ya boma lawo. Ana awo sanagone ndi njala chifukwa cha mayi amene ankadikiridwa pachigayo.

Atsogoleri amenewa amatchula dzina la Khristu poyera, ndiye n'koyenera kuwayeza ndi muyeso wa Khristu. Ndipo muyesowo ndiugwiritsa mbali zonse. Mchimwene wanga anamwalira mu 2002, ma ARV aulere asanayambe m'zipatala za boma mu 2004, nthawi imene okhoma mabokosi a maliro ankachuluka m'mbali mwa misewu. Mu January 2003 George W. Bush, mtsogoleri wa America nthawi imeneyo, anaima pamaso pa nyumba ya malamulo ya dziko lake n'kupempha madola 15 biliyoni a zaka zisanu oyambitsira PEPFAR, ndipo anaitcha ntchito ya chifundo. Bush yemweyo anayambitsa nkhondo ya ku Iraq miyezi iwiri pambuyo pake, Papa Yohane Paulo Wachiwiri atachonderera kuti asatero, ndipo imeneyo sindingaiyamikire. Koma PEPFAR yapulumutsa anthu oposa 25 miliyoni, ena mwa iwo ndimawapatsa mankhwala ndi manja angawa. Chimenecho ndimachitcha chifundo mosazengereza.

N'chifukwa chake za January zikundiwawa. Pa Luka 10 Msamariya sanangothira mafuta pamabala n'kumapita. Anamunyamula munthuyo, anamufikitsa kunyumba ya alendo, anasiya ndalama, ndipo analonjeza kuti pobwerera adzalipira zotsala. Ankadziwa kuti sadzakhala pamenepo mpaka muyaya, choncho anakonza za mawa asanachoke. Akanatiuza kuti zaka zitatu zikubwerazi tizichepetsa, konzekani, ndikanadandaula koma ndikanati n'chilungamo. Kumutsitsa wodwala pa bulu pakati pa msewu, Lachisanu, popanda chenjezo, pa mankhwala amene aliyense akudziwa kuti sadukizidwa, chimenecho sindikuchipeza mu Uthenga Wabwino. Pa 10 February Papa Francis analembera maepiskopi a ku America za kuthamangitsa anthu obwera, ndipo anati dongosolo lenileni la chikondi timaliphunzira posinkhasinkha fanizo la Msamariya lomweli. Nditawerenga ndinaganiza za mayi wa matope uja.

Nafenso tili ndi mlandu. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zoposa 20 zadutsa ife tikulola kuti woyeza magazi a mwana wa Mmalawi azidalira siginecha ya munthu wa kutsidya kwa nyanja. Ndinanena zimenezi pa mapemphero a m'mawa Lachisanu, ndipo a in-charge anangoweramitsa mutu.

Tsiku lomwelo tinaona anthu oposa 100 tili awiri. Ma DBS a ana asanu ndi anayi amene anali mu bokosi kuyambira Lachiwiri ndinawapatsa a dalaivala a ambulansi kuti akawasiye ku chipatala cha boma popita ndi wodwala. Mtsikana uja tinamutulutsa Loweruka, botolo lake litakulungidwa m'thewera la mwana. Tsiku loyeza mwanayo, akakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, ndinalilemba m'buku lake latsopano komanso kuseri kwa chitseko cha ku ART, ndipo mayi wa expert client anati adzabwera naye yekha.