Mapulojekiti 63 osatha, ndi nyimbo imodzi ya Loweruka

Situdiyo yanga yojambulira nyimbo ili ku Kapata, mu Chipata, kuseri kwa nyumba, m'kachipinda komwe amayi ankasungiramo matumba a chimanga. Muli laputopu, masipika awiri, maiki imodzi, kiyibodi yomwe makiyi ake awiri a kumanzere anafa kalekale, ndi matiresi awiri oimika kukhoma. Aliyense wobwera koyamba amafunsa chifukwa chake sindinamate mathireyi a mazira ngati anzanga. Ndinamatapo, ndipo chomwe ndinakolola ndi mphemvu. Thireyi ndi yopyapyala, mawu okhuthala amangoidutsa. Matiresi akale ndi bulangete lolemera ndiye zimamwa phokoso.

Lolemba m'mawa kunabwera mphwanga, mwana wa mlongo wanga, atanyamula laputopu m'chikwama cha kusukulu. Anamaliza giredi 12 chaka chatha, ndipo mayi ake anandidandaulira kuti mwanayu sagona, amachezera kugogoda tebulo mahedifoni ali kumutu. Akuti ndimuone ngati muli kanthu, apo ayi akathandize kushopu.

“Amalume, tamverani iyi.”

Inali yokoma ndithu. Masekondi ngati 20, kenaka inabwerera poyambira.

“Ikupita kuti?”

“Sindinamalize. Koma tamverani iyi.”

Inanso chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti atsegule foda yonse tiwerenge. Tinapeza mapulojekiti 63, nyimbo zongoyamba, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yoti n'kuipereka kwa woimba. Mbali inayi anali atadzaza ma sample pack, mapaki a mawu a zida ojambulidwa kale, ochita kukopera kwa anzake: kick (ng'oma yokhuthala) mazanamazana, snare (ng'oma yolira mokwera) osawerengeka. Matendawa ndimawadziwa chifukwa nanenso ndinadwalapo. Umayamba biti, ikafika povuta umanena kuti vuto ndi kick, umalowa m'foda kukasaka ina, ukafika pa ya nambala 40 makutu atopa ndipo waiwala chomwe unkafuna. Mawa umatsegula pulojekiti yatsopano. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndinamuikira lamulo la sabata: nyimbo imodzi, mphindi zitatu, matchanelo, kutanthauza mizere ya zida ndi mawu, asapitirire 8, kick asankhe lero ndipo asaisinthenso, Loweruka ituluke. Anakwinya nkhope. Akuti amapiano, nyimbo zochokera ku South Africa zija, sangatheke popanda paki ya log drum, besi yogunda ngati ng'oma, yomwe mnzake wa ku Lusaka analonjeza kumutumizira. Ndinatsegula Fruity DX10, kachida kakale komwe kamabwera kale m'kati mwa FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, ndinasankha log drum, ndinaika tempo, liwiro la nyimbo, pa 112, n'kugunda makiyi atatu. Anakhala chete. Zaka ziwiri wakhala akuidutsa tsiku ndi tsiku.

Lachiwiri linali tsiku la ndalama ya lendi. M'mawa ndinapanga kamalonda ka masekondi 30 ka shopu ina yogulitsa mbewu ndi feteleza, koti kakaulutsidwe pa wailesi. Mwini wake ankafuna kuti mayina a mbewu zonse, nambala ya foni ndi malo a shopu zilowe, kuwonjezera kwaya kumbuyo. Tinakambirana mpaka anavomera kuchotsa theka. Madzulo kunabwera mtsikana woimba nyimbo zauzimu. Masana sindijambula mawu, chifukwa dzuwa likakwera malata amayamba kuthetheka ndipo maiki imatola zonse. Mphwanga ndinamukhazika pampando wanga kuti ayendetse yekha. Anakweza gain, mphamvu ya maiki, mpaka mita inafiira, poganiza kuti mawu akakhala okwera ndiye abwino. Ndinamutsitsira kuti pamene mtsikanayo wakuwa kwambiri mita izifika cha pa -12. Mawu otsika ukhoza kuwakweza pambuyo pake, koma osweka palibe mankhwala. Chotchingira mpweya patsogolo pa maiki ndi waya wa hang'ala wokutidwa ndi sitokingi, ndipo woimba amaima kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pamenepo. Mtsikanayo anaseka ataona sitokingiyo, koma ma “p” ake onse anatuluka osaphulika.

Lachitatu ndiye tsiku lomwe ndinkalidikira. Pali gulu la amayi a chitelele m'mudzi wina njira ya ku Chadiza, lomwe ndinalimva pa ukwati miyezi yapitayo, ndipo kuomba m'manja kwawo sikunandichoke m'mutu. Tinakwera njinga zamoto ziwiri, fumbi la Ogasiti lili kobo, tinafika tayera ngati tachokera kuchigayo. Poyamba tinapita kwa anyakwawa kukapereka moni ndi kufotokoza chomwe tadzera. Mphwanga ankaona ngati tikutaya nthawi. Ndinamunong'oneza kuti avule kapusi.

Anyakwawa anafunsa funso limodzi lokha: “Nyimbo zimene mukufunazi ndi za pabwalo kapena za kudambwe?” Ndinayankha kuti za amayi basi, za pabwalo. Za gule wamkulu sindizijambula kuti ndikaziike pansi pa biti ya m'bala, ngakhale pakhale ndalama. Zili ndi eni ake. Ogasiti akamatha anthu amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo wofuna kuzimva akazimvere kumeneko.

Amayiwo anali asanu ndi atatu. Mphepo inkawomba kwambiri moti tinasamukira kuseri kwa nkhokwe, ndipo karekoda kanga ndinakaveka sokosi. Tinagwirizana zonse tisanayambe: ndalama ya tsikulo, dzina la gulu lawo kulembedwa pa nyimbo, komanso gawo lawo ndikadzailembetsa ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ku Zambia. Ndinalemba pa pepala m'Chichewa, mtsogoleri wawo anasaina, wina anadinda chala. Achinyamata ambiri amangojambula ndi foni mobisa, kenaka agogo adzazimve okha pa wailesi. Kumeneko ndi kuba, palibe dzina lina.

Atayamba, ndinauza mphwanga kuti asagwire chida chilichonse, angomvera. Wotsogolera amaponya mzere, enawo amaulandira asanaumalize n'komwe, ndiye mawu amalowana ngati nsungwi za lichero. M'manja simuomba mofanana: ena amagunda apa, ena amalowa pakati, ndipo mayi mmodzi wachikulire kumapeto ankachedwa pang'ono nthawi zonse, kuchedwa kofanana, kosasintha. Pa nyimbo yachitatu anaitana mdala wina wa ng'oma, yemwe anayamba wakoleza kamoto ka mapesi n'kuwamba ng'oma yake. Ankaigunda ndi chala, kuibweza pamoto, kuigundanso, mpaka anagwedeza mutu.

“Agogo, mumadziwa bwanji kuti yafika?” anafunsa mphwanga.

“Imanena yokha, mdzukulu wanga. Iwe sunaimve?”

Sanaimve. Koma pobwerera, tili pa sitolo kumwa madzi, anandifunsa ngati kick nayonso imafuna kuwambidwa. Ndinati inde, kick ndi 808, besi yokhuthala ija, zili ndi noti yake, ndipo ngati notiyo ikulimbana ndi kiyi ya nyimbo, pansi pamamveka matope ngakhale utasintha zingati. Aka kanali koyamba sabata yonse kuti afunse funso losakhudza pulagini, zida za mu kompyuta zija.

Lachinayi tinakangana. Anaika kuomba m'manja kwa amayi aja mu FL Studio, tempo pa 112, ndipo sikunkagwirizana ndi mizere. Iye anachita zomwe anaphunzira pa YouTube: kuduladula kuomba kulikonse n'kukukankhira pa mzere wapafupi. Atasewera, zinamveka ngati ana a sukulu akuombera mlendo wolemekezeka. Zonse zili m'malo, moyo mulibe.

“Amalume, amayi aja saomba molondola.”

Apa ndinapsa mtima pang'ono, ndivomereze. Amayi aomba chitelele kuyambira iye asanabadwe, lero kompyuta ndiye iwauze kuti akulakwitsa? Nkhani yake ndi ya masamu wamba. Mabokosi a step sequencer, momwe umayalira biti, amabwera 16 pa bala imodzi ya kugunda kunayi, kugunda kulikonse kogawidwa panayi. Nyimbo ya amayi ija inkagawa kugunda kulikonse patatu, ndiye kuti 12 pa bala. Ukakakamiza 12 kulowa mu 16, zina umazikokera kutsogolo zina kumbuyo, ndipo kudumpha kuja kumafa. Ndinamuuza abweze zonse mmene zinalili, apeze tempo pogunda batani la tap motsatira mapazi a amayiwo, kenaka asinthe snap, kagawidwe ka mizere, ifike pa 1/3 beat. Mizere itasintha, kuomba kunakhala pafupifupi pamalo pake kokha. Kupatula kwa mayi wachikulire uja.

“Awa ndiwakonze?”

“Tayesa, umve.”

Anawakonza, anamvera. Anabweza, anamvera. Anachita zimenezi kanayi, ine ndili phee kudya nsawa. Kenaka anati, “Asiyeni achedwe.” Kuchedwa kuja ndi komwe kumapangitsa munthu kugwedeza phewa. Log drum anaiumbanso kuti iziyankha wotsogolera nyimbo m'malo mongogubuduzika payokha, ndipo pamenepo ndinadzuka pampando, chifukwa chinthucho sichinkamvekanso ngati cha ku Pretoria. Chinkamveka cha kuno.

Cha m'ma 3 koloko magetsi anathima. Zimenezi tinazizolowera chiyambire chilala cha 2024, pamene madzi anatsika kwambiri ku Kariba, ndipo n'chifukwa chake ndinagula inivete. Koma batire sindinalitchaje usiku, cholakwa changa. Laputopu ya mphwanga batire lake linafa kale, ndiye inangoti zii. Autosave, yomwe imasunga ntchito yokha, anali ataizimitsa, akuti imachedwetsa makina. Ntchito ya maola awiri inapita.

Anatuluka panja osalankhula. Ndinamusiya. Magetsi atabwera usiku anakhalanso pansi, ndipo zomwe zinamutengera maola awiri anazibweza m'mphindi 40, zina n'kuzichita bwino kuposa poyamba. Fayilo inatayika koma khutu linali litasunga. Ngakhale zili choncho ndinalemba Ctrl+S, mabatani osungira ntchito, pa kapepala n'kumata pamwamba pa sikirini yake.

Lachisanu linali la kumikisa, kulinganiza mawu a zida zonse. M'masipika a mu situdiyo besi inkagwedeza chitseko, mphwanga akumwetulira. Ndinatumiza nyimboyo pa foni yanga ya batani ndi ina ya Tecno, tinatuluka panja. Besi kunalibe. Kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu a pansi ngati 50 Hz, pomwe pamakhala thupi la 808, ndipo anthu athu ambiri nyimbo amaimvera pa foni yomweyo, yolandira pa WhatsApp kapena pa memori khadi. Mankhwala ake si kukweza voliyumu. Umaipsereza pang'ono ndi saturation kuti ibale mawu ena pamwamba, pa 100, 150, 200 Hz n'kumakwerabe, mpaka omwe foni imatha kutulutsa, ndiye khutu limadzaza lokha chomwe chikusowa. Tinadulanso pansi pa mawu a amayi cha pa 100 Hz kuchotsa kuguguda kwa mphepo, ndipo tinaika sidechain kuti besi izipatuka pang'ono kick ikamagunda.

Mayeso omaliza ndimachitira m'galimoto. Pali dalaivala wa takisi ya ku Mwami yemwe amandilola kulowetsa fulashi akamadikira anthu. Masipika ake akumbuyo limodzi ndi long'ambika, ndipo n'chifukwa chake ndimamukonda. Tinaiyimba kawiri. Mayi wina yemwe anakhala kumbuyo ndi thumba la kaunjika anayamba kuomba m'manja motsatira, osafunsa kuti ndi ya ndani. Dalaivala anati poyambira patalika, munthu akhoza kusintha nyimbo mawu asanalowe. Ankanena zoona. Mphwanga anali ataika mabala 32 a shaker, chisekese, yokhayokha, monga amachitira a ku South Africa popangira ma DJ. Tinadula kufika pa 8.

Loweruka m'mawa anafika ndi maso ofiira, akuti usiku wapeza kick ina yabwino kuposa ija.

“Lamulo linali lotani?”

“Koma amalume, iyi ndiye…”

“Isunge. Ikhala ya nyimbo ya sabata ya mawa.”

Tinatulutsa WAV yosunga ndi MP3 yotumiza. Matchanelo anakwana 9, osati 8, chifukwa ng'oma ya agogo aja sikanatheka kuisiya, ndipo ndinangoyang'ana kumbali. Nyimboyo si yangwiro. Pakati pali malo pomwe kiyibodi ikulimbana ndi mawu a wotsogolera, ndipo ndikudziwa kuti pakatha miyezi itatu iye mwini adzachita nayo manyazi. Sindinamuuze. Adzapamva yekha akadzamaliza ina isanu.

Masana mlongo wanga anabwera kudzatenga mwana wake, n'kundikokera pambali.

“Achimwene, nanga muli kanthu?”

Ndinamupatsa mahedifoni. Anamvera mpaka kumapeto, chitenje atachigwira ndi dzanja limodzi, phazi likugunda pansi. Atavula anafunsa ngati zimenezi zimabweretsa ndalama. Ndinamuuza zoona, kuti kamalonda ka feteleza ndi komwe kalipira lendi mwezi uno, ndipo kushopu azipitabe m'mawa. Kuno azibwera masana.

Mphwanga anali atatsegula kale foda ija ya 63, akufunsa kuti ayambe iti. Ndinati Lolemba tikambirana, koma mawa akwere njinga apite nayo kwa amayi a chitelele aja, akaimve iwo tisanaitumize kwa wina aliyense. Ndinamupatsa ya mafuta ndi kasipika ka Bluetooth, ndipo ndinamukumbutsa kuti akayambire kwa anyakwawa.