Belu la pa tchalitchi ndi malipenga a bandi: kasamalidwe kake kumudzi

Belu loumbidwa bwino limatha zaka mazana likulira, ndipo lipenga losamalidwa limadutsa m'manja mwa oimba a mibadwo itatu. Komabe mukayenda m'matchalitchi a kumudzi mupeza mabelu ong'aluka atakhazikidwa pakona, ndi malipenga ouma mavavu (timabatani todina ndi zala poimba) atapanikizidwa m'kabati. Zambiri mwa zimenezi zinawonongeka m'manja mwa anthu a mtima wabwino amene anatola nyundo, pulayala kapena mafuta ophikira chifukwa panalibe wowauza. Mpingo wa kumudzi ukataya zinthuzi kawirikawiri suzipezanso, choncho woliza belu ndi wosunga zida za bandi ayenera kudziwa zinthu zingapo.

Mafoni afika ponseponse, koma uthenga wa pa foni umalira batire, netiweki ndi mayunitsi. Belu limafikira nthawi imodzi munthu wa kudimba, mayi wa pa mjigo ndi gogo amene ali pakhonde. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye kuti wokhala pa mtunda wa kilomita imodzi amalimva patatha masekondi atatu. M'mamawa limamveka kutali kuposa masana, chifukwa mpweya wozizira umene wagona pansi umakhotetsera mawu kunthaka, pamene masana nthaka ikatentha mawuwo amathawira m'mwamba.

Kaimbidwe kake ndi pangano la mudzi wonse. Belu loyamba Lamulungu limauza anthu kuti asambe, lachiwiri kuti anyamuke. Kwa Akatolika la Angelusi limalira 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo: katatu, kupuma, katatu, kupuma, katatu, kenako motsatizana. Kuchokera pa Misa ya madzulo a Lachinayi Loyera mpaka usiku wa Pasaka mabelu amakhala chete. La maliro limamenyedwa kamodzikamodzi, woliza n'kudikira kuti mawu azilale asanamenyenso, ndipo lisalire uthenga usanafike kwa amfumu ndi kwa eni mbumba. Woliza wopupuluma amayambitsa mlandu pamenepa. Chingwe chizimangidwa pamwamba poti ana safikira, chifukwa belu likamalira mwachisawawa anthu amasiya kulitchera khutu, ndipo tsiku limene nyumba idzapse sadzathamanga.

Belu lenileni la mishoni limaumbidwa ndi mkuwa, magawo pafupifupi 78 pa 100, osakaniza ndi chitsulo chofewa chotchedwa tini magawo 22. Kusakaniza kumeneku ndiko kumalipatsa mawu okhalitsa, koma kumalichititsanso kukhala losapirira: silipindika, limasweka ngati mphika wadothi. Kulemera kwake kumanyenga maso. La masentimita 50 kukamwa limalemera makilogalamu 70 kapena 80, koma kukamwako kukawirikiza kawiri kulemera kumawirikiza kasanu ndi katatu. Musanatume anyamata anayi kuti akalitsitse, yambani mwayeza kukamwa kwake.

Mukalipapasa mkati mupeza kuti pamwamba pang'ono pa mlomo pali mzere wochindikala kuzungulira belu lonse. Pokhapo ndi pamene anakonza kuti pazimenyedwa, ndipo lilime lake analiyeza kuti mutu wake uzigwera pomwepo. Lilime likathothoka, anthu amathamangira nyundo kapena sipanala n'kumamenya kunja, nthawi zina m'chiuno mwa belu mmene ndi mopyapyala, nthawi zina m'mphepete mwenimweni mwa mlomo. Chitsulo cha nyundo n'cholimba kuposa mkuwa, ndipo dzanja la munthu silimenya mofanana. Zimayamba ndi kubenthuka pang'ono, kenako mng'alu. Ngati lilime lagwa, belulo lipume mpaka litabwezeretsedwa, ndipo mpingo uyambe wagwiritsa ntchito limu ya lole.

Cholakwika china chimaoneka ngati nzeru. Kugwedeza belu lonse kukamalemera, wina amamanga chingwe ku lilime n'kumalikokera ku belu lili chiimire. Belu likamagwedezeka lokha, lilime limagunda n'kudumpha nthawi yomweyo, mkuwa n'kunjenjemera momasuka. Koma chingwe chikakoka, lilime limatsala litapanikiza pamene lagundapo, belu likufuna kunjenjemera koma latsinidwa mbali imodzi. Mabelu ambiri padziko lapansi anang'aluka mwa njira imeneyi. Ngati palibiretu njira ina, wokoka azitaya chingwe msangamsanga lilime likangogunda, ndipo asamakoke ndi thupi lonse.

Yang'ananinso kumwamba mkati, pamene lilime lakolekedwa. Mabelu akale ambiri anawaumba ndi ngowe ya chitsulo yolowa mu mkuwa momwemo. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, ndipo chimang'amba belu kuchokera ku mutu. Denga la nsanja lisadonthe, ndipo pa ngowepo pazipakidwa girizi mvula isanayambe ndiponso ikatha. Polumikizira lilime pamakhala chikopa kapena kampira. Chikatha, lilime limayamba kuyendayenda n'kumamenya malo osiyanasiyana. Chikopa cha ng'ombe chofufuta bwino chimakwanira. Pamene lilime limagunda pamakumbika pang'onopang'ono, ndipo dzenjelo likafika gawo limodzi mwa magawo khumi a kuchindikala kwa pamenepo, belu limasulidwe n'kutembenuzidwa kota ya mzunguliro kuti lilime lipeze malo atsopano.

Belu long'aluka limadziwika ndi khutu: mawu amafupika n'kusasa. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse, musalitengere kwa owotcherera a pa msika. Moto wa pamalo amodzi umatenthetsa mbali imodzi kwina kuli kozizira, ndipo pozizira mng'alu umatalika. Akatswiri amene amatha ntchitoyi amatenthetsa belu lonse mu uvuni n'kuliziziritsa pang'onopang'ono. Kuboola ndi kukuza mng'alu kuti m'mbali mwake musakhudzane anakuyesa pa belu lotchuka la Liberty Bell ku Philadelphia, m'dziko la America, mu 1846. Linalira kanthawi, mng'alu wina n'kutulukira, ndipo silinalirenso. Lanu litsitseni, mulisunge mokhoma, ndipo ogula zitsulo zakutha akafika muwabweze. Mkuwa wake ndi umene ungadzaumbidwenso.

Za nsanja n'zachidule. Belu likamagwedezeka limakankha m'mbali ndiponso pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwake, kotero nsanamira zikhale ndi zochirikiza zopingasa. Zamtengo zimadyedwa ndi chiswe m'munsi, kunja kukuoneka bwinobwino. Zibayeni ndi sikuludiraiva chaka chilichonse. Mabawuti amangidwe kawiri pa chaka, chingwe chidutse mu kapaipi kosalala m'malo mokhuzana ndi malata, ndipo nsanja yaitali ikhale ndi waya wotsitsira mphenzi pansi. Musanakwere, onani ngati njuchi sizinamangemo.

Matchalitchi ambiri a nthambi alibe belu la mkuwa, ndipo palibe chochititsa manyazi pa limu ya lole kapena chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa mango. Nazonso zili ndi kapachikidwe kake. Limu ikolekedwe ndi waya pa bowo limodzi la bawuti, ilendewere osakhudza thunthu la mtengo, ndipo izimenyedwa m'mphepete ndi kachitsulo kopepuka. Mukaikhomera ku mtengo, mtengowo umameza mawu. Chitsulo chachitali, kaya njanji yakutha yopezeka movomerezeka kaya paipi yochindikala, chili ndi malo amene sichinjenjemera: magawo 22 pa 100 a utali wake kuchokera ku mapeto. Cha mita imodzi chiboolereni pa masentimita 22, mupachikire pamenepo, muzimenya pakati. Mudzadabwa kutalika kwa mawu ake poyerekeza ndi chomangidwa ku nsonga. Silinda ya gasi yodula imalira mokoma, koma kudula silinda imene inakhalamo gasi kwapha anthu, ndipo si ntchito yoyesera pa bwalo la tchalitchi.

Malipenga anafika kuno ndi asilikali ndi amishoni. Mabandi a King's African Rifles, asilikali a boma la atsamunda, ndiwo anasiya chizindikiro m'magule athu: beni wa ku Mangochi, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, mmene zikho zomatidwa kanembanemba ka kangaude pa bowo zimalira m'malo mwa mkuwa. A Salvation Army, amene bandi yawo yoyamba inali ya banja la a Fry ku Salisbury wa ku England mu 1878, anafalitsa malipenga a mapemphero m'maiko ambiri. Bandi ya ku Britain imakhala ndi oimba malipenga 25, koma ya kumudzi ingayambe ndi asanu ndi atatu: makoneti atatu, mahoni awiri, yufoniyamu imodzi, besi imodzi ndi ng'oma yaikulu. Ubwino wake ndi wakuti kayikidwe ka zala n'kamodzi pa zida zonse za mavavu atatu. Vavu yoyamba imatsitsa liwu sitepe imodzi, yachiwiri theka, yachitatu imodzi ndi theka. Mwana wophunzira koneti akhoza kusamukira ku besi mwezi womwewo ngati woimba besi wapita ku Joni.

Mavavu ndiwo amayamba kufa. Mpata wa pakati pa vavu ndi chibowo chake ndi wochepa zedi, moti fumbi la mu Okutobala likalowa limapala zonse ziwiri. Woimba azichotsa vavu imodziimodzi, kuipukuta ndi kansalu kopanda ubweya, kudonthezera madontho atatu a mafuta a mavavu, n'kuibwezera mpaka kachidutswa kake kotsogolera katakhala m'malo. Iliyonse ili ndi nambala yake, 1, 2 kapena 3. Zikasinthana mpweya sudutsa, ndipo anthu amaganiza kuti lipenga lafa. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka phula, oyilo wa galimoto ndi wolemera kwambiri, malovu amadya chitsulo. Sandipepa asayandikire vavu ngakhale pang'ono, chifukwa ikangochepa imataya mpweya mpaka kalekale.

Mapaipi osolola amafuna Vaseline pang'ono, ndipo azisololedwa sabata iliyonse ngakhale palibe chifukwa, kuti asagwirane. Ndi omwewo amene bandi imachunira mawu: lipenga likatenthedwa ndi dzuwa pa ulendo wa ku manda liwu limakwera, ndipo paipi yaikulu iyenera kusololedwa pang'ono. Kapakamwa kakakanirira, kawirikawiri chifukwa woimba amakamenya ndi chikhatho pokalowetsa, pulayala imapotokola paipi yonse n'kuthothola zolumikizira. Kulungani kansalu konyowa ndi madzi ozizira, gogodani mozungulira ndi kamtengo, ndipo zikakanika dikirani wokhala ndi chozulira chake.

Mkati mumawola mwakachetechete. Mkuwa wa malipenga ndi wosakaniza ndi zinki, pafupifupi magawo 70 ndi 30, ndipo asidi wa m'malovu amadya zinkiyo. Timadontho tofiira pa paipi yoyamba, imene kapakamwa kamalowamo, ndi chizindikiro chakuti yadyeka kuchokera mkati. Pa ukwati oimba amapatsidwa thobwa ndi Fanta, n'kubwerera ku malipenga pomwepo. Achukuche m'kamwa ndi madzi asanaimbenso. Akamaliza atsegule kotayira madzi n'kuuzira mpaka mutauma. Miyezi itatu iliyonse lipenga limasulidwe, liviikidwe mphindi 20 m'madzi ofunda okhala ndi sopo wotsukira mbale, osati otentha chifukwa amasupula utoto wonyezimira. Tinsalu tofewa ta pamwamba pa mavavu tisanyowe.

Posungira pakhale pouma, pa shelefu osati pa simenti, chida chilichonse m'bokosi lake lotseka, chifukwa mphemvu zimadya tinsalu tija ndipo mavu amamanga dothi m'kamwa mwa besi. Lipenga lisaimikidwe chozondoka pa benchi, ndipo popita ku msonkhano pa lole, mabokosi akhale pa miyendo ya eni ake. Zida zambiri zili ndi nambala yozokotedwa pa chibowo cha vavu yachiwiri kapena pafupi ndi kukamwa. Mlembi wa mpingo alembe manambalawo m'kaundula, pamodzi ndi dzina la wotenga chida ndi tsiku lobweza, ajambulenso belu ndi zolembedwa pa thupi lake. Pa ndalama zimene bandi imalandira ku maukwati ndi pa pepa sande, gawo loyamba lizipita ku mafuta a mavavu, girizi, masipiring'i ndi chingwe chatsopano, yunifolomu ibwere pambuyo.