Womvera alibe pakamwa

Dzulo usiku magetsi atathima kuno ku Mufakose, ku Harare, ndinayatsa kandulo n'kukhalira buku langa la maphunziro a zamagetsi a m'ndege, mpaka nkhani ya ARINC 429, njira imene zipangizo za m'ndege zimatumizirana uthenga pa mawaya, inalowa m'mutu. Miyezi iwiri yathunthu ikundizunguza! Mtima wakhala pansi, abale.

Chimandisokoneza chinali mapu oyenda aja a pasikirini ya kumbuyo kwa mpando wa m'ndege. Amaonetsa pamene ndege yafika, utali wake m'mwamba, liwiro, zonsezo zochokera ku zipangizo za oyendetsa ndege. Ndiye ndimati, ngati uthengawo ukufika mpaka kwa munthu woonera filimu, chimamuletsa n'chiyani kubweza mawu kutsogolo?

Yankho lili m'mawayamo. Pa mawaya awiri opotana a ARINC 429 wolankhula amakhala mmodzi yekha, omvera mpaka 20, ndipo uthenga umalowera mbali imodzi. Womvera alibe pakamwa. Kuti ayankhe, ndiye kuti wina amukokere mawaya akeake. Agogo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, amasimba za munthu wa amfumu wolengeza maliro m'bandakucha: amafuula akuyenda, mudzi wonse n'kumva, koma palibe womubwezera mawu ali pamphasa. Ndi zomwezotu. Uthenga uliwonse ndi ma bit 32 (timanambala ta 0 kapena 1), ndipo 8 mwa iwo ndi label yonena kuti nkhaniyi ndi yotani: 310 ndi latitude, 311 ndi longitude, manambala osonyeza pamene ndege ili. Seva ya zosangalatsa, kompyuta yogawa mafilimu ndi mapu ku mipando, imangotola ma label amene ikufuna, n'kujambula kandege pamapu, n'kugawira mipando. Imamva, siyankha.

Chinandithandiza ndi kujambula pamanja. Bolopeni yofiira ya magetsi, yabuluu ya uthenga, muvi pa waya uliwonse. Ine ndikuti munthu amene sanajambulepo yekha dongosolo lonse, kuchokera ku seva mpaka kabokosi ka pansi pa mpando, sanaphunzire kanthu, ngakhale atakhoza mayeso. Muvi sunama.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu akanatha kunena zimenezi m'mphindi zisanu. Amangowerenga zolemba zawo mothamanga, ukafunsa akuti zili m'buku. Ngakhale za Swissair 111 anangodutsapo, ndege ya MD-11 imene inagwera m'nyanja kufupi ndi Nova Scotia ku Canada mu 1998, anthu 229 n'kufa, ndipo ofufuza anapeza zizindikiro za kuthetheka kwa magetsi pa waya wa zosangalatsa zomwezi. Nkhani yotere n'kuithera mzere umodzi? Ife timadzuka 5 koloko, makombi awiri kuti tikafike mbali ya ku bwalo la ndege, kubwerera kuli mdima, nthawi yowerengera n'kutsala ya kandulo.

Sabata ya mawa tiyamba za ndege zatsopano zodalira Ethernet, njira yolumikizira makompyuta, kumene mbali zonse ziwiri zimalankhula. Ndatsegula mutuwo m'mawa uno, ndayesa kujambula, koma mivi yanga ikuloza uku ndi uku. Kaya bolopeni ziwirizi zindikwanira, kaya ndiyambanso kuzungulira mutu.