Ku Chembe, m'mawa mwake mwa tsiku la anakubala

Lachinayi, 16 Okutobala

Azakhali andidzutsa mbandakucha kuti tikafike kudoko usipa usanathe. Dzulo kunali tsiku la anakubala, ndipo Chembe yense, mudzi wa ku Cape Maclear m'mbali mwa nyanja ya Malawi, anali piringupiringu: mabasi ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, masipika kulira mpaka pakati pa usiku, nyama kuwotchedwa pamchenga. Lero zotsala zake zinali mbwee gombe lonse. Mabotolo osweka, majumbo, timbale ta tchipisi, mapampasi okwiriridwa theka. Mafunde anali atayamba kale kukokera zina m'madzi, pamalo pomwe amayi amatsukira mbale.

Tikamanena za alendo timafulumira kuganiza za azungu obereka zikwama. Koma zinyalala za lerozi tasiya ndife eni dziko, obwera tsiku limodzi, kudya, kumwa, kujambulitsa n'kukwera basi. Ana amatola mabotolo okhaokha, poti amagulitsika kwa ophika thobwa. Majumbo palibe amawafuna. Boma linaletsa majumbo opyapyalawa mu 2015, khothi lalikulu la apilo n'kutsimikiza chiletsocho mu 2019, koma pagombe pano sungadziwe kuti kuli lamulo.

Cham'ma 10 koloko ndakwera nawo boti la msuweni wanga amene amatenga alendo kupita nawo kuchilumba cha Thumbi. Madzi a kumeneko ndi oyera mbee, miyala yapansi kuoneka yonse. Iye watulutsa buledi m'thumba n'kuunyenyera m'madzi, ndipo mbuna zabwera khamu, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, mpaka kumajompha zala za alendo. Kukongola kwake sindingakane. Nsomba zimenezi ndi zomwe zinachititsa kuti mu 1980 malo ano akhale Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, chifukwa mitundu yambiri ya mbuna sipezeka kwina kulikonse. Komatu mbuna zambiri chakudya chake ndi ndere zomwe zimapala pamiyala. Buledi wa tsiku ndi tsiku, boti ili likachoka lina n'kufika, si chakudya chimene zinalengedwera.

Pobwerera waimba mluzu, waponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaiwakha. Alendo m'manja phuphuphu. Ndamufunsa ngati sizikuzoloweretsa mbalamezi kudikira munthu. Iye wati, "Asuweni, mlendo akapanda kuona nkhwazi ikutsika, mawa akwera boti la wina. Ana anga adya chiyani?" Mawu amenewa andilemera, chifukwa si wabodza.

Masana ndayenda wapansi kutsata gombe. Chimene chandisowetsa mtendere kwambiri si majumbo ayi, ndi makoma. Maloji ambiri anamangidwa m'mphepete mwenimweni mwa madzi kuti mlendo azidzuka n'kuponda nyanja. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, ndipo pamakoma ena mzere wa pomwe panafika madzi ukuonekabe, matumba a mchenga ong'ambika ali pansi pake. Tsono zimbudzi za malo amenewa zili kuti? Maenje ake anakumbidwa mumchenga womwewu, ndipo mchenga susunga kanthu. Chimene chalowa m'dzenje chimasefukira pansipansi kupita kunyanja, komwe mudzi wonse umasamba, kuchapa, ena kumwa kumene. Boma lino la Mangochi linavutika koopsa ndi kolera ya 2022 mpaka 2023. Sindikunena kuti maloji ndiwo anaibweretsa, poti zimbudzi za m'mudzimu nazo zili pamchenga womwewo. Koma loji ili ndi ndalama zomangira dzenje lotetezeka kutali ndi madzi, pamene azakhali alibe.

Palinso likodzo, lomwe Cape Maclear anatchuka nalo. Ofufuza anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka okokedwa pafupi ndi gombe, nkhono zofalitsa matendawa zinachuluka. Lamulo la paki limaletsa kupha nsomba pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la paki, koma anthu achuluka m'mudzimu, ambiri obwera kudzafuna ntchito za alendo zomwezi, ndipo aliyense akufuna ndiwo. Mlendo amagula mapiritsi pochoka n'kuiwala. Mwana wa ku Chembe amalowa m'madzi omwewo mawa lake.

Dzuwa litapendeka ndakumana ndi amayi akutsika kuphiri ndi mitolo ya nkhuni pamutu. Zina n'zophikira, zina n'zowambira nsomba, zina zikatenthetsa madzi osamba alendo. Phiri likayera, mvula yoyamba imakokolola dothi n'kukalikwirira pamiyala pomwe pamamera ndere za mbuna zija. Anyamata osema ziboliboli pamsewu nawo akuti phingo masiku ano amakaligula kutali.

Pa chakudya chamadzulo azakhali andikumbutsa za 2020, alendo atasiya kubwera chifukwa cha Covid. Akuti anyamata a maboti ambiri anabwerera ku makoka, ena mpaka kusodza ndi masikito, chifukwa njala siidikira. "Mwana wanga, alendo asatisiye," atero. "Koma womanga loji azimanga ngati nayenso adzamwa madzi omwewa."

Loweruka komiti ya pagombe ili ndi msonkhano kwa amfumu, ndipo msuweni wati ndipite naye. Ndalemba kale funso langa pakapepala: ndani wa kukhonsolo amene amadzayendera maenje a zimbudzi za maloji, ndipo anabwera liti komaliza chikwerereni nyanja?