Lipoti la ulendo wa ku Bulawayo wokayeza sitima zenizeni

Gulu lathu la anthu opanga tisitima tating'ono, lomwe limakumana Loweruka masana ku Rugare mumzinda wa Harare, linapita ku Bulawayo ndi zolinga ziwiri: kukaona mitu ya sitima yakale ku Bulawayo Railway Museum, ndiponso kukacheza ndi bambo wina wa kumeneko yemwe anayamba luso limeneli kalekale ife tisanaliganizire n'komwe. Ambiri mwa ife ndife ana ndi zidzukulu za anthu omwe anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji kuno, ndipo Rugare yemweyo anamangidwira antchito a njanji, choncho sitima si nkhani yachilendo m'mabanja mwathu. Lipotili ndalembera mamembala omwe anatsala, makamaka chifukwa nkhani ya muyeso wochepetsera sitima yeniyeni kuti ikhale kasitima, yomwe yakhala ikutigawa pamisonkhano, inakambidwa mozama paulendowu.

Tinanyamuka mbandakucha pa minibasi yahayala, ndipo tinadzera ku Chegutu, Kadoma, Kwekwe ndi Gweru pamsewu wa makilomita pafupifupi 440. M'malo angapo msewu umayenda moyandikana ndi njanji yomwe inalumikiza mizinda iwiriyi mu 1902, ndipo achinyamata athu anajambula zithunzi za milatho ing'onoing'ono ndi mtundu wa dothi la m'mbali mwa njanjiyo.

Malo osungirako zinthu zakale za njanjiwa anatsegulidwa mu 1972, ndipo ali ku Raylton, kufupi ndi siteshoni yaikulu ya mzindawo, komwe sitima yoyamba inafika mu 1897. Alendo ambiri amathamangira ku bogi ya Cecil Rhodes, yomwe inanyamula mtembo wake kuchokera ku Cape Town mu 1902. Ifenso tinaisuzumira, koma sitinachedwepo. Tinakhalitsa pa kamutu ka sitima kotchedwa Jack Tar, kopangidwa mu 1889, komwe kanagwira ntchito pomanga mlatho wa Victoria Falls womwe unatsegulidwa mu 1905. Kamutuka kali ndi mawilo asanu ndi limodzi okha, ndipo madzi ndi malasha kamanyamula pathupi pake pomwepo. M'maganizo anga, aliyense wofuna kuyamba kupanga mutu wa sitima ndi manja ake ayambire pa kameneka, chifukwa ziwalo zake n'zochepa ndipo zonse zimaoneka poyera.

Nthawi yathu yambiri inathera pa mitu ikuluikulu ya mtundu wa Garratt, yomwe yambiri inapangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ku Manchester. Mutu wa Garratt uli ndi injini ziwiri, ina kutsogolo yosenza thanki ya madzi, ina kumbuyo yosenza malasha, ndipo boila imalendewera pakati pa ziwirizi ngati machila pamapewa a anthu awiri. Anaupanga chotero kuti boila ikhale yaikulu popanda kulemetsa njanji pamalo amodzi, komanso kuti mutu wautali uthe kukhota bwino pamakona. Wa kalasi 20, womwe unabwera m'zaka za m'ma 1950, uli ndi mawilo 28 oikidwa mwa dongosolo la 4-8-2+2-8-4, ndipo 16 mwa iwo ndiwo okoka. Titapempha chilolezo, tinatulutsa matepi ndi kuyamba kuyeza mawindo, makwerero, msinkhu wa chumuni ndi mipata ya pakati pa mawilo, wina akuyeza, wina akulemba m'kope.

Apa m'pamene mkulu wina wa gulu lathu, yemwe anagwirapo ntchito yothira malasha m'sitima asanapume, anatithandiza kuposa tepi. Ataona mnyamata wina akujambula mbali yomwe penti inali yowala, anamuitana nati, "Iwe mwana wanga, usajambule pokongola pokha. Bwera kuno uone pomwe mafuta ankadontha." Anatilozera timapaipi tothira mchenga patsogolo pa mawilo kuti asaterereke pokwera mtunda, ndipo anafotokoza kuti pamenepo pamayera ndi fumbi, pomwe pamwamba pa boila pamada ndi mwaye wosanyezimira, ndipo pansi pa malo otulukira nthunzi pamatsala mizere yotuwa ya madzi ouma. Mnyamatayo anafunsa kuti, "Nanga agogo, dzimbiri tiziika pati?" Iwo anayankha kuti mutu womwe uli pantchito suchita dzimbiri pazitsulo zoyenda, chifukwa zimapakidwa mafuta tsiku ndi tsiku, ndipo dzimbiri lambiri limapezeka pa mabogi a katundu. Mfundo imeneyi ndi yofunika, popeza ambiri opanga tisitima amapaka utoto wofiirira paliponse poganiza kuti ndiko kukalambitsa chinthu, mapeto ake kamutu kooneka ngati kanatayidwa kutchire kamakhala kakukoka mabogi a anthu.

Madzulo tinapita kunyumba kwa bambo otilandira aja, omwe anasandutsa galaja yawo kukhala dziko laling'ono la njanji. Atatilonjera, anayendetsa sitima ziwiri, n'kutifunsa kuti tinene yomwe ikufanana ndi zomwe tinaona masana. Tonse tinaloza imodzi, ngakhale kuti ena sanathe kunena chifukwa chake.

Chifukwacho ndi masamu. Tisitima tambiri togulitsidwa m'masitolo ndi ta muyeso wa HO, womwe umachepetsa chinthu chenicheni ka 87, ndipo timayenda pa njanji yotalikirana mamilimita 16.5. Mukachulukitsa 16.5 ndi 87 mupeza mamilimita pafupifupi 1435, womwe ndi mpata wa njanji zambiri za ku Ulaya ndi ku America. Njanji ya kuno, monganso ya ku Malawi, Zambia ndi South Africa, ndi ya mamilimita 1067. Pachifukwa chimenechi, sitima zathu zenizeni zimakhala ndi thupi lotambalala lomwe limatulukira kunja kwa mawilo mbali zonse ziwiri, ndipo mukaika thupi lotere la muyeso wa HO pa njanji ya 16.5, mawilo amatangadza kwambiri, maonekedwe aja n'kutayika. Ngakhale kampani ya Lima ya ku Italy, yomwe inapangapo tisitima ta ku South Africa, inatiika pa njanji yomweyo ya 16.5 kuti tiziyenda pa njanji zomwe ogula anali nazo kale.

Njira zokonzera vutoli zilipo ziwiri, ndipo m'pamene tinasiyana maganizo. Yoyamba ndi kusunga muyeso wa 87 koma kugwiritsa ntchito njanji ya mamilimita 12, yomwe ikuyandikira 12.3 yemwe mupeza mukagawa 1067 ndi 87. Yachiwiri ndi kusunga njanji ya 16.5 koma kukulitsa matupi kuti akhale ochepetsedwa ka 64, chifukwa 1067 mukagawa ndi 64 mupeza pafupifupi 16.7. Njira yachiwiriyi ndi yomwe anzathu ambiri a ku New Zealand amatsata, popeza njanji yawo ndi yofanana ndi yathu. Omwe ali ndi tinyumba, timagalimoto ndi tianthu ta HO anakonda yoyamba, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka, chifukwa zinthu zimenezi anazipeza movutikira. Ine ndili mbali ya 64. Njanji ndi mainjini a 16.5 amapezeka ngakhale pakati pa katundu wakale yemwe anthu amagulitsa akamasamuka, pomwe za mamilimita 12 n'zoitanitsa kunja basi. Komanso matupi tidzapanga tokha mulimonsemo, ndipo chinthu chokulirapo sichivuta kudula ndi kumata, makamaka kwa akuluakulu omwe maso anayamba kuchepa mphamvu. Choipa chake n'chakuti Garratt wa kalasi 20, yemwe amatsala pang'ono kukwana mamita 30, adzatalika pafupifupi theka la mita, ndipo nyumba zathu zambiri ndi zazipinda zazing'ono.

Bambo aja anationetsanso m'mene amapezera zipangizo popanda kudalira sitolo. Matupi a mabogi amadula ku mapepala a pulasitiki ndi ku zitini zowongola, timisomali ta m'mbali amatitulutsa pogogoda kumbuyo kwa chitini ndi singano yobuntha, ndipo zogwirira amapinda kuchokera ku waya wa mkuwa. Miyala ya panjanji ndi mchenga wa kumtsinje wosefa bwino, womwe amauyala wouma kenako n'kudonthezera guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, atathiramo kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere. Malasha a m'mabogi ndi enieni a ku Hwange, osinja ndi kusefa. Tisitima timayenda ndi magetsi osapitirira mavoti 12, motero batire ya sola imakwanira magetsi akazima. Mmodzi wa ife anati luso lopinda waya tinaliphunzira tili ana popanga galimoto zamawaya, ndipo chomwe chawonjezekapo ndi tepi yoyezera yokha.

Pobwerera tinachita msonkhano m'minibasi momwemo. Tinagwirizana kuti tebulo la gulu loyendetsapo tisitima lidzakhala la muyeso wa 64, koma aliyense ndi womasuka kupitiriza HO kunyumba kwake. Tinagwirizananso kuti lidzaonetsa siteshoni yaing'ono ya pa njanji ya ku Beira, chifukwa ena mwa makolo athu anadzera njira imeneyo, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana womwe unatsegulidwa mu 1935, kukasinthira ku Dondo n'kulowa m'dziko muno kudzera ku Mutare. Tebulolo lidzakhala la zigawo zotha kupatula kuti lizisungika m'nyumba zosiyana. Ntchito yoyamba ndi mabogi a malasha, kenako Jack Tar, ndipo Garratt adikira kaye mpaka titapeza mawilo okoka 16 ofanana kukula kwake. Amene ali ndi mitu yakale ya HO kapena OO (muyeso wina woyendanso pa njanji ya 16.5) yomwe inasiya kuyenda akupemphedwa kubwera nayo pamsonkhano wotsatira kuti tidzayeze mawilo ake, pamodzi ndi makope onse omwe munalembedwa miyeso ya ku Bulawayo.