Mtendere umene tinkausokoneza ndi bata

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti mpingo wamtendere ndi umene simumveka mikangano. Maganizo amenewa anagwedezeka pamene akuluampingo awiri a mumpingo wathu anasemphana pa nkhani ya ndalama zomangira tchalitchi. Kwa miyezi ingapo ankakhala pa benchi imodzi, kuimba nyimbo imodzi ndi kulandira Mgonero wa Ambuye pamodzi, koma osapatsana moni. Palibe amene anakweza mawu, palibenso amene anatukula dzanja, choncho tonse tinkati zinthu zili bwino, ndipo ine ndinali mmodzi mwa onena zimenezo, ngakhale ndinkadziwa kuti mpingo wagawikana ndipo miseche yafika m'nyumba iliyonse.

Pa Mateyu 5:9 Yesu akudalitsa anthu ochita mtendere, ndipo kuchita ndi ntchito yofuna miyendo ndi pakamwa. Pa Mateyu 18 akufotokoza njira yake: upite kwa m'bale wako muli awiri, akakana utenge mmodzi kapena awiri, ndipo zikakanika ndiye uuze mpingo. Ife tinkayambira kumapeto, kuuza aliyense kupatula mwini nkhani.

Chimene chinandivutitsa kwambiri ndi mawu a kutembenuza tsaya lina, chifukwa ndawamva akugwiritsidwa ntchito kutseka pakamwa anthu ozunzidwa, makamaka amayi omenyedwa m'banja amene amangouzidwa kuti apirire. Kumeneko ndi kuteteza womenya, ndipo ndikukhulupirira kuti mpingo wochita zimenezi udzayankha mlandu. Yesu mwini atamenyedwa mbama pamaso pa mkulu wa ansembe sanabwezere, komanso sanakhale chete. Pa Yohane 18:23 anamufunsa womenyayo chifukwa chimene wamumenyera.

Mu 1955 anthu akuda a mumzinda wa Montgomery ku America anasiya kukwera mabasi Rosa Parks atamangidwa chifukwa chokana kupereka mpando wake kwa mzungu, ndipo anapirira kuyenda pansi masiku 381. Mphamvu yawo inkachokera m'misonkhano ya m'matchalitchi, momwe ankapemphera, kuimba ndi kugawana magalimoto opitira kuntchito. Pa 30 Januwale 1956 bomba linaphulika panyumba ya mbusa Martin Luther King Jr., mkazi wake ndi mwana wawo wakhanda ali mkati. Khamu laukali linasonkhana, ena atanyamula zida, koma mbusa wa zaka 27 uja anaima pakhonde n'kuwauza kuti abwerere kwawo osabwezera. Anthuwo anamvera, komabe mawa lake sanakwere basi. Anakana chiwawa, anakananso kugonjera chisalungamo, ndipo ziwirizi anazigwira nthawi imodzi.

Ku Mozambique nako, gulu la Akatolika wamba la Sant'Egidio, limene linayamba ku Rome mu 1968, linakhazika pansi boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, amene ankamenyana pa nkhondo yapachiweniweni, kuyambira mu 1990, mothandizana ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Zokambirana zinatenga zaka zoposa ziwiri Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama asanasaine mgwirizano wa mtendere pa 4 Okutobala 1992. Chimandichititsa manyazi n'chakuti anthu amene anaphetsana abale anatha kukhala pa tebulo limodzi, pamene ife tinkalephera kukumanitsa madoda awiri osemphana pa malisiti.

Amene anathetsa manyazi athuwo anali mayi wina wachikulire wopanda udindo uliwonse. Anapita kwa aliyense payekha, n'kumvetsera mpaka mwini wake atatopa kulankhula, kenaka anapempha abusa kuti mabuku a ndalama atsegulidwe pamaso pa onse awiri. Msonkhano woyamba unatha mmodzi atatuluka mokwiya. Wachiwiri unaulula kuti ndalama zina zinagwiritsidwa ntchito popanda chilolezo cha komiti, ngakhale sizinabedwe, ndipo wolakwayo anavomera movutikira, maso ali pansi. Pa wachitatu anapemphera pamodzi. Lerolino amapatsana moni, ngakhale ubwenzi wawo wakale sunabwerere, ndipo lipoti la ndalama limawerengedwa poyera miyezi itatu iliyonse.