Mmene tikusamalirira bambo chidwalireni sitiroko kuno ku Mufakose

Bambo anachoka ku Dedza ali mnyamata, Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanathe mu 1963, ndipo akalambira konkuno ku Harare. BP anali nayo kalekale, koma mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo. Tsiku lomwe pakamwa panapotoka, dzanja lamanja n'kungolendewera, mawu osamveka, tinapeza galimoto nthawi yomweyo. Mukaona zizindikiro zitatu zimenezi musayambe ndi kuthira munthu madzi kapena kudikira kuti kuche.

Ku kiliniki ya khonsolo anatilembera kalata yopita nayo ku Sally Mugabe Central Hospital, komwe tonse timangoti ku Gomo. Nyamulani chitupa cha wodwala, khadi la ku kiliniki ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa. Chitupacho n'chofunika chifukwa a zaka 65 kupita m'tsogolo salipira ndalama yoonana ndi dokotala m'zipatala za boma. Komabe sikani ya mutu ndi mankhwala ena zimafuna ndalama, ndiye achimwene a ku Johannesburg anatumiza pa Mukuru.

Atatsitsimuka, Chishona chimene akhala akulankhula zaka zonsezi chinawathawa, n'kutsala ndi Chichewa cha kumudzi, nachonso chodukaduka. Tinagwirizana kuti nthawi yoona odwala pasamasowe mmodzi wa ife womasulira anesi.

Langizo langa lalikulu ndi ili: asanakutulutseni, pemphani a fiziyo, omwe amathandiza odwala kuyambanso kugwiritsa ntchito ziwalo zofooka, akuphunzitseni ndi manja anu, osangoonerera. Kuchipatala timangokhalako pang'ono, ntchito yeniyeni ili kunyumba.

Munthu wosatha kudzitembenuza amafunika kumutembenuza pa maola awiri alionse, usiku womwe. Ndimayang'ana m'chiuno, kumsana chakumunsi ndi zidendene. Pakafiira, n'kudina ndi chala osayera, ndiye kuti chilonda chayamba, ndipo mbali imeneyo asagonerenso. Nsalu yogonera isakhale yonyowa kapena yokwinyika. Powadzutsa sitikoka dzanja lofooka lija, phewa limaguluka msanga. Timagwira kumsana ndi m'chiuno, dzanjalo titalisamiritsa pa pilo.

Kudyetsa ndiye kumafuna mtima wodekha. Ndimawakhazika tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono, n'kuwapatsa phala lolimbirako la nsinjiro, theka la supuni. "Mezani kaye, bambo, palibe akutithamangitsa." Ndimadikira mpaka nditaona pakhosi payenda, kenako ndimasuzumira tsaya lofookalo chifukwa chakudya chimabisala mmenemo. Madzi ndi tiyi ndi zimene zimatsamwitsa kwambiri, ndipo zikalowera kumapapo zimabweretsa chibayo. Akatha kudya amakhalabe tsonga theka la ola. Mchere tinachepetsa m'ndiwo za banja lonse kuti asamaone ngati tikuwamana.

Nkhani ya kusamba inali yolemera. Kwathu mwana wamkazi sasambitsa bambo ake, ndipo iwo ankatembenukira kukhoma ndikangolowa ndi beseni. Sindinawakakamize, ulemu wawo ndi mbali ya kuchira kwawo. Mlongo wanga wamng'ono ndiye amawasambitsa m'mawa asanakwere kombi, ndipo masiku amene sangathe amabwera mkulu wina wa mpingo wathu wa CCAP. Ine ndimasamala za chakudya, mankhwala ndi kuchapa. Kuchapako ndi nkhondo ina, poti madzi a m'mpopi amatha masiku osabwera. Ana amakaima pamzere ku mjigo, ndipo mgolo umodzi timausungira bambo okha.

Tinalemba ndandanda ya ogona nawo usiku n'kuimata pachitseko, chifukwa munthu mmodzi sangadzuke usiku uliwonse osagwa nayenso. Amayi a ku mpingo akabwera Lachinayi, ine ndimakagona masana, ndipo sindichita nazo manyazi.

Mwezi uliwonse timabwerera ku kiliniki kukayezetsa BP ndi shuga, ndi kabuku komwe ndimalembamo mankhwala amene amwa. Mankhwalawo timakatenga ena asanathe, chifukwa kudumphitsa n'kumene kumaitana sitiroko yachiwiri. Pano bambo akutha kukhala okha pampando, ndipo a fiziyo ayamba kuwaimiritsa atagwira tebulo.